Dália ndi Munsi Wachiwiri

Dália anabadwira kufupi ndi Benga, pamudzi wina wa m'mphepete mwa mtsinje wa Revubué umene lero kulibenso. Bambo ake anali msodzi, ndipo anamwalira iye asanayambe shikola. Anakulira m'manja mwa akazi awiri, amayi ake a Rosária ndi mng'ono wawo a Belinha, amene nyumba zawo zinali zoyang'anizana pabwalo limodzi. Awiriwa ankalima limodzi, kutunga limodzi, ndipo chimanga ankakonolera mumtondo umodzi, wina akamatsitsa munsi wina akukweza. Wofuna mmodzi wa iwo sankafunsa njira, ankangotsata kumene kukumveka minsi iwiri.

Malasha atayamba kukumbidwa mwamphamvu, tauni ya Moatize inafufuma ngati mkate. Amuna anabwera kuchokera ku Beira, ku Nampula, ku Maputo, ena kutsidya kwa nyanja, ndipo aliyense wokhala ndi khonde analitchinga n'kulisandutsa chipinda cha renda. Dália atamaliza kalasi yachisanu ndi chiwiri, amayi ake anamutumiza kwa wachibale wina ku Moatize, ku bairo ya 25 de Setembro, kuti akathandize kugulitsa mabolinyo, timandasi tokazinga. Malo oikapo beseni lake anawapeza pakhomo pa chisakasa choonetseramo kanema, cha bambo wina dzina lake Manecas.

Chisakasacho chinali cha mphasa za nsungwi ndi malata akale, jeradolo yopereka magetsi ikulira kuseri, ndipo koluna, chimkuzamawu chachikulu, inalozetsedwa kumsewu kuti izikopa odutsa. Dália sankalowa, chifukwa beseni silisiyidwa lokha. Mafilimu onse a chaka chimenecho anawamva ndi makutu okha, mpaka anayamba kuwadziwa monga mlimi adziwira mitambo. Ng'oma zikachuluka ndiye kuti m'katimo akumenyana, oonera akukuwa nawo limodzi. Koma nthawi zina nyimbo inkawonda n'kutsala kaliwu kamodzi, kakang'ono ngati ka udzudzu, kosakwera kosatsika. Zikatero mipando yamatabwa inkaleka kulira, otsokomola ankaleka kutsokomola, ndipo iye mwini panjapo ankapezeka wangoima, bolinyo lili m'manja, wogula akudikira.

Tsiku lina masana koluna inafa filimu yoopsa ili pakati. Zithunzi zinapitirira, koma mawu ayi. Dália anasuzumira pampata wa mphasa n'kuona mkazi wa pakanemayo akutsika makwerero a nyumba yamdima, maso ali tong'o. M'malo mochita mantha, anthu anayamba kuseka. Wina anamulangiza mkaziyo kuti ayatse nyali, wina anamufunsa ngati akusaka mwamuna wake. Manecas anali kalikiliki ndi mawaya, akutukwana. Dália anabwerera pabeseni lake ndi funso limene sanamufunse munthu aliyense: mkazi ndi yemweyo, mdima ndi womwewo, nanga mantha aja apita kuti?

M'zaka zomwezo mudzi wa kwawo unagwera m'dera la mgodi, ndipo mabanja anasamutsidwira ku Mualadze. Anapatsidwa nyumba za simenti zondandalikana m'mizere, zofanana ngati mapasa, panthaka yamiyala, mtsinje uli kutali. Nyumba ya a Rosária ndi ya a Belinha zinagwera m'mizere yosiyana. Komabe a Belinha ankafika m'mawa munsi uli paphewa, ndipo oyandikana nawo atsopano anazolowera kudzutsidwa ndi minsi iwiri.

Nthawi imeneyo Manecas anagula kamera. Anyamata a mumgodi ankakwatira mlungu ndi mlungu, aliyense akufuna ukwati wake ujambulidwe. Manecas ankasowa munthu woti azilowa m'chipinda chovalira mkwatibwi, mmene mwamuna sangapondemo, ndipo anakumbukira mtsikana wa mabolinyo uja amene ankadziwa kuti filimu ili pafupi kutha asanaione n'komwe. Anamuphunzitsa kugwira kamera osanjenjemera, kudula ndi kulumikiza zithunzi pa komputadora, ndi kuika nyimbo pansi pake. Manecas ankakonda zonyezimira: timitima touluka, maluwa ogwa kumwamba, nyimbo yosapuma kuyambira poyamba mpaka pothera. Dália ankakonda kudikira. Ankaloza kamera pachitseko cha tchalitchi mkwatibwi asanatuluke, n'kuisiya pomwepo, chitseko chokha, kwaya ikumveka chapatali m'katimo. Manecas ankadandaula kuti akujambula matabwa. Koma eni ukwati akamaonera, pamalo pamenepo ndi pomwe ankasiya kulankhula.

Kenako mtengo wa malasha unagwa kunja, ndipo Moatize inaphwa monga inafufumira. Ambiri anachotsedwa ntchito, maukwati anachepa, anthu nawo anali atayamba kuonera mafilimu m'maselula awo, mafoni a m'manja, osalowanso m'zisakasa. Manecas anagulitsa kamera n'kupita ku Nampula kwa mkulu wake. Potsanzika anamusiyira Dália komputadora yakale yong'aluka pakona, namulangiza kuti asataye nthawi ndi za mafilimu, chifukwa ku Tete kuno munthu sadya zimenezo. Apa n'kuti Dália atakwatiwa ndi Samito, mnyamata wa ku Zóbuè amene ankayendetsa galimoto yothira madzi m'misewu ya mumgodi kuti fumbi ligone. Nayenso ntchito inamuthera, ndipo anayamba kukapikula kabichi ndi mbatatesi kwawo kumapiri n'kudzagulitsa pamsika wa Moatize. Dália anatsegula kabaraka koikira anthu nyimbo m'maselula. Malangizo a Manecas anawamva, koma sanawatsate.

Filimu yake yoyamba anaijambula ndi selula, kumaenje akale oumbira njerwa kunja kwa vila ya Moatize. Inali ya chilombo chotuluka m'dzenje la malasha n'kumagwira anthu. Chilombocho anali Nando, mnzake wa Samito, atavala masaka ndi kudzipaka makala. Nyimbo anazitenga m'mafilimu akunja, zoopsa zonse zimene anapeza, n'kuziunjika pamodzi. Anakaionetsa ku Mualadze Loweruka lina masana, m'chipinda cha shikola, mazenera atatchingidwa ndi mabulangete ndi makapulana, nsalu zovala amayi. Chilombo chitangoonekera, mayi wina anazindikira kayendedwe ka Nando, amene ankatsimphina chigwereni panjinga yamoto. Dzinalo linayenda m'chipinda chonse. Anthu anaseka mpaka misozi, ndipo nyimbo zikamakula, chiseko chinkakulanso. Potuluka anamuthokoza Dália kuti wawasangalatsa.

Iye sanasangalale. Anakwera shapa, kaminibasi, n'kubwerera ku Moatize ndi Samito. Kwa milungu ingapo anaionera yekha filimuyo, mwina atazima mawu, mwina atatseka maso, mpaka anavomera kuti wolakwa si Nando. Chilombo chimene waonetsa sichiopsa, chifukwa maso akachiona amayamba kuchiyeza, pamene chimene munthu akuchiganizira kuseri kwa chitseko chilibe msinkhu. Anaonanso kuti nyimbo za eni ake zimabwera ndi mantha a eni ake. Munthu wa kuno mtima umamuima akamva sirene ya kumgodi, n'kumadikira kuphulika kumene sakudziwa kuti kufika liti. Koma sirene yokha si nkhani, ndipo nkhani analibe.

Nkhaniyo inabwera ndi maliro. A Belinha anadwala m'nyengo yozizira, anagonekedwa kuchipatala, ndipo sanabwereko. Mwambo wonse utatha, Dália anatsalira ku Mualadze kuti akhale ndi amayi ake. M'mawa wina akusesa kuseri, anamva amayi ake akukonola, ndipo anaima tsache lili m'manja. Munthu akamasinja yekha amatsitsa munsi mmene wafunira, osapatsa njira wina aliyense. Koma a Rosária anaima mbali yawo yakale, akumatsitsa, kuzula munsi msanga, n'kudikira. Pakati ponse ankasiya mpata wokwanira munsi wina. Manja awo anali asanamve kuti mng'ono wawo anapita. Dália anamvetsera mpatawo, ndipo anadzifunsa kuti zingakhale bwanji munsi utayankha mmenemo.

Maganizo opanga filimu ya zimenezi anawasunga pafupifupi chaka, akuchita nawo manyazi. Tsiku limene anawauza amayi ake anayamba mozungulira, koma a Rosária anamva zonse iye asanamalize. Anayankha m'Chinyungwe, chimene ankalankhula akakwiya kapena akamapemphera: "Ndin'funa lini," kutanthauza kuti sakufuna. Anati mng'ono wawo si Nando woti azivekedwa masaka anthu n'kumaseka. Dália anawatsimikizira kuti a Belinha sadzaoneka, dzina lawo silidzatchulidwa. Amayi ake anamuuza kuti adye anyamuke, shapa ingamusiye.

Anabwereranso mwezi wotsatira, ndi wotsatirawo. Sankaumiriza. Ankabweretsa sopo ndi mchere, n'kucheza zina, n'kuitchula nkhaniyo kamodzi kokha asananyamuke. Inali nkhani yaifupi. Mayi wosamutsidwa abwerera kumudzi wakale kukatenga mtondo umene anausiya. Apeza nyumba zonse zili zii. Aganiza zokonola komaliza pabwalo lake kachimanga kamene wanyamula, ndipo ali mkati mosinja, munsi wina uyamba kumuyankha. Ulendo wina a Rosária anafunsa kuti munsi wachiwiriwo adzasinje ndani. Dália anati apeza mayi aliyense, popeza sadzaoneka.

"Ayi," anatero a Rosária. "Belinha ankagunda chammbali, munsi n'kuukokera kwa iye. Mayi aliyense wakoyo adzangodinda pakati ngati akukhoma chikhomo. Ngati ukufuna munsi wake, ndisinja ndine. Wanga ndi wake womwe."

Umo ndi mmene anavomerera kukhala mayi wa m'filimuyo.

Kumudzi wakale kunali kosalowekanso, kuseri kwa mpanda wa waya. Ku Mualadze aliyense akanazindikira nyumba ya mnzake, ndipo dzuwa la kumeneko limaulula chilichonse. Samito ndiye anakumbukira nyumba ya malemu agogo ake ku Zóbuè, yadothi, yosiyidwa, yokhala pakati pa miyala ikuluikulu m'munsi mwa phiri. Anati mwezi wa Junyu chifunga chimatsika m'phirimo m'mawa mpaka munthu osaona mbuzi imene waigwira chingwe. Onse atatu, Samito, Dália ndi amayi ake, anakwera shapa, mtondo utamangidwa padenga, minsi iwiri ili pansi pa mipando. Apa n'kuti Dália ali woyembekezera. A Rosária, amene moyo wawo wonse anakhala kotentha, atatsika anavala makapulana atatu n'kufunsa ngati anthu a kuno anachimwira Mulungu.

Chifunga sichidikira munthu. M'mawa wina chinakwera Dália akadakonza poima. M'mawa wina sichinabwere n'komwe. Tsiku limene chinatsika bwino, bateriya ya selula inafa ndi kuzizira, ndipo kuyambira pamenepo ankaifunda m'kapulana pachifuwa ngati khanda. Makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu opita kumalire a Malawi, ankabuula pachikweza n'kuononga mawu, tambala wa oyandikana nawo ankalira pamene sakufunika. Samito kabichi yake inkamudikira, ndipo anayamba kunena kuti mwina adzabwerenso chaka chamawa. Dália anamuuza kuti apite akagulitse, iye atsala. Samito sanapite.

Pang'ono ndi pang'ono zithunzi zinapezeka. Anajambula amayi ake chakumbuyo akulowa m'chifunga, kuti woonera aziyenda nawo osadziwa chimene chili kutsogolo. Pofika pamtondo selula anaiika pansi, mwakuti mbali imodzi ya chithunzi munali amayi ake, mbali inayo munalibe kanthu, malo okwanira munthu kuimapo. Kuseri kwa malo opanda kanthuwo kunali chitseko cha nyumbayo, chotseguka pang'ono, m'kati muli bii. Samito ankafuna kuti m'chitsekomo muoneke ngakhale dzanja lokha, kuopa kuti anthu anganene kuti anamizidwa. Anakangana mpaka kumunda kwa nyemba, koma Dália sanagonje. A Rosária sanafunike kuphunzitsidwa. Anangouzidwa kuti munsi wachiwiri ukayankha asatembenuke msanga. Pojambulapo munsiwo kunalibe, koma iwo anaima pamalo oyenera, khosi litauma, ngati aumva.

Munsi wachiwiriwo anaujambula masana ena m'kati mwa nyumbayo, pachitseko atapachika mabulangete kuti phokoso la kumsewu lisalowe. A Rosária anazungulira mtondo n'kuima mbali ya mng'ono wawo. Anatseka maso, nagunda chammbali, munsi n'kuukokera kwa iwo. Dália anali asanaumve mgundo umenewo chiikireni maliro. Atamaliza, amayi ake anatuluka n'kukakhala pamwala, akuyang'ana kuphiri. Dália anatsitsa mabulangete aja pachitseko.

Chinatsala ndi nyimbo. Atsibweni ake a Samito, a Ezequiel, amene Dália ankawaitana kuti atiyu, anali mlimi wa nyemba komanso woimbitsa kwaya pakatchalitchi ka Akatolika pamudzipo. Ankaimba limba lakale lopopa ndi mapazi, ndipo Lamulungu Dália anamva liwu lapansi la limbalo likunjenjemera mpaka m'mimba mwake. Atawapempha, a Ezequiel anafunsa kaye ngati filimuyo ndi ya ufiti. Atamva nkhani yonse anati chimenecho ndi chisoni chabe, ndipo anavomera. Anakonza nyimbo ya maliro yathunthu, yokoma, yoti kwaya ilowe pakati. Dália anaimvetsera mpaka kumapeto, anaiyamikira, kenako ananena chimene anabwerera.

"Atiyu, ndikupempha liwu limodzi lokha, lapansi kwambiri lija. Mulikanikize osalisiya."

"Liwu limodzi si nyimbo, mwanawe. Imeneyo ndi ng'ombe yolira kukhola."

"Nyimbo yanu ikawauza anthu kuti alire. Ine sindikufuna adziwe msanga choti achite."

A Ezequiel anatseka limba n'kupita kumunda. Samito anati basi zaonongeka, atsibweni akakwiya amatha mwezi. Koma mawa lake anabwera okha, khasu lili paphewa, nati aone zithunzizo. Anaonera pa komputadora yong'aluka ija, ndipo pofika pachitseko anati abwereze. Atatero anamutenga Dália kutchalitchi. Anakanikiza liwu lapansi lija, nalisiya likulira, kenako anawonjezera lina loyandikana nalo kwambiri, mawu awiriwo n'kumakhulana mpaka mano kuyayamira. Pansi pake mvukuto wa limbalo unkapuma ngati munthu wobisala. Dália anasendeza selula pafupi ndi mvukutowo kuti mpweyawo umveke.

A Ezequiel ndi amenenso anamuuza mmene amalizire filimuyo. Anati Lachisanu Loyera belu la tchalitchi sililira, ndipo ngakhale munthu wosapemphera amamva kuti chinachake chachitika, chifukwa cha belu losaliralo. "Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma," anatero. "Iwe uimbe ng'oma mpaka chifike pakhomo. Chitseko chikayamba kusuntha, uzime zonse, limba, minsi, ngakhale mphepo."

Kulumikiza zonsezi kunamutengera miyezi, m'kabaraka kake, pakati pa ogula nyimbo, ndipo mwana wake Elvira anabadwa ntchito isanathe. Chimene chinamuvuta kwambiri chinali kutalika kwa kudikira. Munsi wachiwiri ukalowa msanga, mantha sanapse. Ukachedwa, anthu atopa. Ankayesera pa Samito: akayamba kuyang'ana kumbali, Dália ankadula, akapanda kuweramira kutsogolo, ankawonjezera. Koyambirira, pamene mayi uja akuwoloka mpanda, anaikapo sirene ya kumgodi, yakutali kwambiri, koma kuphulika sanakuikepo.

Anakaionetsa m'chipinda chomwe chija ku Mualadze. Anthu anadzaza, ambiri atabwera kudzaseka, ena akufunsa pakhomo ngati Nando alimo. Chithunzi choyamba chitangotuluka, anazindikira msana wa a Rosária, ndipo kachiseko kanayamba kumbuyo. Koma sirene itamveka, chiseko chinazilala chokha, chifukwa aliyense m'chipindamo ankaidziwa, ndipo matupi awo anayamba kudikira. Mayi wa pakanemayo anayenda m'chifunga, anapeza mtondo, anayamba kusinja. Akazi ndiwo anayamba kuzindikira mpata uja, n'kumayang'anana. Liwu la limba linakwawa pansi osadziwika kuti layamba liti. Kenako munsi wina unagunda kamodzi, chapansipansi. Mayiyo anaima. Kunali chete. Anatsitsanso munsi wake, ndipo winawo unayankha, nuyankhanso, mpaka minsi iwiri inalukana. Mayi wina amene ankasenda mtedza pachilolo anasiya, khoko lili m'zala. Chitseko chitasuntha, mawu onse anazima, ndipo m'chipindamo munangomveka malata akuthetheka ndi dzuwa. Pakanemapo a Rosária anatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana pachitseko. Nkhope yawo sinali ya mantha. Anasendera pambali ngati akupereka malo, ndipo chithunzi chinada.

Mkangano unayambira panja. Ena ankati ndi mzimu, ena ankati ndi munthu wotsalira kumudzi wakale, ena ankati kulibe aliyense, ndi mtima wa mayiyo. Bambo wina wachikulire anapempha kuti aibwereze, ndipo ataionera kachiwiri analumbira kuti waona mwendo pachitseko. Dália ankadziwa kuti mmenemo munali mdima wokha, koma sanamutsutse.

Munthu mmodzi yekha anatuluka filimu isanathe. Anali a Isaías, mwamuna wa malemu a Belinha, amene anauzindikira mgundo wachammbali uja. Mawa lake anafika ndi achibale awo, nati Dália wasandutsa mkazi wawo chionetsero, wamudzutsa osapempha eni maliro, ndipo filimuyo ifufutidwe. Dália anagwada n'kupepesa kuti sanawafikire poyamba, chifukwa pamenepo ankaona yekha kuti anaphonya. Koma kufufuta anakana. Nkhani inatalika mpaka mthunzi unasuntha, anthu akusuntha nawo mphasa. Pomaliza a Rosária analankhula.

"Alamu, munsi munaumva uja ndi wanga, manja ndi anga. Belinha wagona, palibe wamudzutsa. Ngati pali mlandu ndi wanga, chifukwa ndine ndikumusunga m'manjamu."

A Isaías sanakhululuke tsiku limenelo. Anapempha kuti filimuyo isadzaonetsedwenso pagulu ku Mualadze iwo ali moyo, ndipo Dália anavomera. Lonjezolo akulisunga mpaka lero, ngakhale anthu a kumeneko amamupempha kawirikawiri. Iye ndi a Isaías amapatsana moni, koma macheza akale sanabwererebe.

Kwina konse filimuyo inayenda yokha, kuchoka m'selula kulowa m'selula. Tsiku lina pamsika Dália anapeza anyamata akuionera akuseka. Winawake anali atachotsa limba ndi minsi, n'kuikapo nyimbo yovina ndi mawu achipongwe. Amayi ake omwewo, chifunga chomwecho, zonse zitasanduka nthabwala. Anafika kunyumba atakwiya kwambiri, ndipo kwa masiku sanatsegule komputadora. Koma yeniyeniyo inkayendanso. Gulu lina la achinyamata linamuitana kukaionetsa mumzinda wa Tete, ndipo mayi wina wosamudziwa anamuimbira kuchokera kumudzi wina wa osamutsidwa, nati wangofuna kunena kuti nayenso anali ndi mkulu wake. Atatero anadula.

Lero Dália akadali ku 25 de Setembro, ali ndi ana awiri. Kabaraka kake kanakula pang'ono, amajambula maukwati ndi maubatizo, ndipo chaka chilichonse amayesetsa kutulutsa filimu yaifupi imodzi. Si zonse zimene zinagwira. Ina anaiika limba lochuluka mpaka anthu analizolowera, ina inathera pakati chifukwa wosewera wake anapeza ntchito ku Beira. A Rosária anabwerera kumunda kwawo ndipo amakana kujambulidwanso, koma filimu iliyonse amayamba kuiona ndi iwo, n'kunena pamene atopa. A Ezequiel akafuna kumuseka amamufunsa ngati wabwera kudzatenga ng'ombe ina.

Imene akukonza tsopano ndi ya woyendetsa kamiyau amene waima pamzere wa kumalire ku Zóbuè, n'kuyamba kumva kugogoda kuchokera m'chibokosi chachitsulo chimene wanyamula, chotsekedwa chichokereni kudoko. Zithunzi ali nazo m'mutu, koma kugogodako kwamuvuta. Anayesa mgolo, anayesa thanki ya madzi, anayesa chitseko cha garaja, zonse zikumveka ngati munthu wofuna kulowa, pamene iye akufuna wofuna kutuluka. Mwezi wathawu anakwera shapa ndi Samito mpaka kumalire, nayenda kamiyau ndi kamiyau masana dzuwa likuswa mtengo, akupempha. Ambiri anamuthamangitsa, ena akumuyesa kazitape, ena wakuba. Pomaliza anapeza bambo wina wachikulire, a Julião, amene ankabwerera chibokosi chili chopanda kanthu. Anamvetsera nkhani yonse akutafuna nzimbe, nafunsa kuti m'chibokosimo muli chiyani. Dália anati nayenso sakudziwa, ndipo sadzaonetsa. A Julião anaseka, anati zaka zonse ayenda mumsewuwu funso limenelo limawafikira, natsegula zitseko.

Samito anadzipereka kulowa, koma Dália anati Samitoyo amagogoda ngati wapolisi. Anamupatsa selula, namuimika pafupi ndi tayala lakumbuyo, pamene woyendetsa angaime akamamvetsera. M'katimo munali motentha ngati mu uvuni, mukununkha fodya wouma. A Julião anakayika, nati mayi wa ana sangatsekeredwe m'chitsulo chotere. Dália anavula nsapato, anamanga kapulana mwamphamvu, anakwera, nawauza kuti atseke ndi zitsulo zonse, ndipo asatsegule mpaka iye ataitana.